Marozi a madamu akuchita chikasu masamba, thandizeni ntchito isanandithere

Wakuntcheu, Lolemba 19:42

Moni nonse a m'gulu muno. Ine nthawi zonse ndimangowerenga zanu, lero nde ndabwera ndi langa. Ndimagwira m'gadeni ku Bryanston masiku atatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, nyumba imeneyi ndinayamba mu Ogasiti. Pali marozi 26, ambiri ndi oyera aja amati Iceberg ali mumzere kutsata njira ya galimoto kuchokera pageti, ena 6 ofiira ali kuseri kwa nyumba kutsamira mpanda cha kufupi ndi swimming pool. Mu Okutobala anachita maluwa moti madamu ankajambula nkumatumizira abale awo kunja, ine ndikungomva kukoma ngati ndine katswiri. Koma chidutsire Khirisimasi masamba anangoyamba kuchita chikasu nkumayoyoka, ndikafika mmawa ndimapeza pansi pali mbwee, ndisese, ndikabweranso tsiku linalo ndipeza ena. Mitengo ina pano kumunsi kwangotsala ndodo ndi minga, masamba ali kumutu kokha ngati papaya.

Madamu akuti ndi ludzu, akuti sindithirira mokwanira, nde anauza amuna awo asinthe kabokosi kaja koyendetsa masipirinkala, pano amatseguka tsiku lililonse 7 koloko madzulo mphindi 20, olo mvula igwe iwo amatsegukabe. Ine ndinaganiza kuti ndi njala ngati mmene chimachitira chimanga kwathu chikasowa yuliya, nde ndinatenga feteleza wa kapinga yemwe ndinampeza m'galaja nkuthira manja awiri pa mtengo uliwonse. Palibe chasintha, mwinanso zanyanyira. Lachisanu lapitali madamu anandifunsa kuti kodi marozi umawadziwadi, nde inu nonse mukudziwa funso limeneli kumene limakathera. Ine kwathu ku Tsangano ndinkalima mbatatesi, chimanga ndi kabichi, zamaluwazi ndaphunzirira konkuno pongoonera anzanga. Ndigule mankhwala anji? Ngati nkofunika nditulutse ndalama yanga ndigula, bola ntchito.

Bho_Diepsloot, Lolemba 19:58

Kkkkk amwene feteleza wa kapinga pa maluwa?? koma inu nde ayi. Kwirirani makoko a nthochi patsinde ndi masamba a tiyi otsala m'ketulo, madamu anga ku Fourways amatero ndipo awo ali bhobho. Zikakanika gulani ena ku nazale mudzale iwo atapita kuntchito, sadziwa kkkk

Madala_waThyolo, Lolemba 21:17

Mphwanga wa ku Ntcheu, ndalama yanuyo ibwezeni kaye m'thumba. Chikasu pa tsamba la rozi chili ngati kutentha thupi kwa mwana, malungo amatentha thupi, chibayo chimatenthanso thupi, nde munthu sumangothamangira LA usanayezetse. Ine ndatha zaka zoposa 20 m'magadeni a Joni muno ndipo marozi ambiri amene ndaona akufa anaphedwa ndi chithandizo, osati matenda. Madzi akachuluka masamba amachita chikasu, akachepa amachitanso chikasu, njala chikasu, feteleza wambiri chikasu, nde mwaona kuti mawu oti chikasu pawokha sakutiuza kanthu.

Lachitatu mukapita mukachite izi musanagwire tsache. Muyime pa mtengo umodzi muone kuti masamba achikasuwo ndi ati, akale akumunsi kapena anthete akunsonga, zimenezi ndi nkhani ziwiri zosiyana kutalitali. Muthothole tsamba limodzi muliyang'anitsitse ngati lili ndi madontho akuda kapena ndi chikasu chokhachokha, komanso ngati timitsempha take tatsala tobiriwira. Mulitembenuze muone kunsi kwake. Mutenge pepala loyera muike pansi pa nthambi nkuigwedeza, ngati pagwa tinthu ngati fumbi la tsabola tikuyenda mudzatiuze. Chomaliza, ichi ndiye chachikulu, mukumbe ndi foloko pambali pa mtengo kuya ngati dzanja lonse mpaka pamkono, mutape dothi la pansipo mulifinye, mulinunkhize. Ndipo musaone mtengo umodzi wokha, oyera apageti ndi ofiira akumpanda muwaone padera padera, ana a nyumba imodzi sadwala matenda amodzi nthawi zonse.

A Bho, makoko a nthochi si oipa, ndi manyowa ngati zinyalala zina zonse zowola, koma sachiza kanthu. Zogula ena mobisa nde musamuphunzitse mwana, akawadzala padothi lomwelo ndi madzi omwewo pofika Epulo adzakhala ngati anzawo.

Mai_aMapasa, Lachiwiri 06:31

Ine sindidziwa zambiri koma ndinali ndi rozi langa m'poto kuno ku Cosmo City, madamu anandipatsa pa Mother's Day, ndinkalikonda ngati mwana moti ndinkalithirira mmawa ndi madzulo, pansi pa poto ndinaika mbale kuti madzi asamadetse pakhonde. Masamba anayamba chikasu ine nkumawonjezera madzi poganiza kuti ndi ludzu, tsiku lina ndikulizula ndinapeza mizu yonse yakuda yoterera ngati therere, fungo lake ngati m'ngalande. Nde pamene mwati sipirinkala tsiku lililonse mvula ili mkati ndangokumbuka poto wanga uja. Muonenso ngati pali galu, kuntchito kwanga galu amakodzera mtengo umodzi womwewo wapakona ndipo ndi wokhawo umapsa masamba akumunsi.

Wakuntcheu, Lachitatu 13:05

Zikomo madala, zikomo mayi. Ndachita zonse mwanena, ndikulemba pano ndili pa lanchi. Madala munalosera, ndi nkhani ziwiri ndithu.

Oyera apageti aja chikasu chikuyambira pansi kukwera mmwamba. Tsamba lililonse lachikasu lili ndi madontho akuda obulungira, ena ang'ono ngati njere ya mapira ena aakulu ngati 10 cent, m'mphepete mwa dontho simosalala ayi, muli ngati inki yamwazika pa pepala lonyowa, nde chikasucho chimazungulira dontholo mpaka tsamba lonse. Ukangolikhudza lagwa. Ena obiriwira bwinobwino alinso ndi madontho kale. Ndakumba, aaa madala, chala chimodzi chokha pamwamba ndi dothi labwino lakuda, pansi pake ndi dongo lofiira lomata loti mayi anga akhoza kuumbira mbiya, ndafinya madzi akuchita kutuluka m'zala, ndipo dzenje lija nditabwerako patapita ola ndapeza mwalowa madzi okha. Kafungo kake ka kudambo.

Ofiira akumpanda alibe madontho ambiri, awo masamba akale akumunsi ndi obiriwira bwinobwino koma anthete akunsonga ndi achikasu chotuwa, ena akuchita kuyera, timitsempha tokha ndi tobiriwira ngati munthu wajambula ndi bolopeni. Pa pepala sipanagwe kanthu koyenda. Komanso mitengo ingapo mbali zonse ziwiri masamba apsa m'mphepete ngati awauka ndi moto, ndikukayika ndi feteleza wanga uja. Galu alipo koma sapita kumeneko.

Madala_waThyolo, Lachitatu 20:48

Eya, tsopano tikulankhula. Apageti aja ndi black spot, matenda a marozi amene aliyense wa m'gadeni Joni muno amalimbana nawo Januwale ndi Febuluwale. Ndi kafangasi, m'bale wake wa chiwawu chija mumachidziwa pa mbatatesi ku Tsangano mvula ikamagwa mowirikiza, osati chomwecho koma khalidwe ndi limodzi, kamakonda tsamba lonyowa. Njere zake kuti zimere pa tsamba zimafuna tsambalo likhale lonyowa maola pafupifupi 7 osauma. Tsono werengani nokha, mvula ya kuno imagwa masana cha m'ma 3 kapena 4 ndi mabingu ake, masamba asanaume bwino 7 koloko sipirinkala yatseguka, usiku wonse mpaka dzuwa lituluke ali chinyowere. Abwana anu akulima matendawo ngati dimba. Ndipo chifukwa chake amayambira pansi nchoti njerezo zimakhala pa masamba ogwa aja, dontho la madzi likamenya pansi zimadumphira pa tsamba lapafupi, kuchoka apo lapamwamba pake, choncho mpaka kumutu.

Nde choyamba si mankhwala, ndi sipirinkala. Izimitsidwe kumarozi mpaka dothi liume moti mukalowetsa chala chonse musamve kunyowa. Mwezi uno ndi mvula imeneyi mwina sabata ziwiri simuthirira nkomwe. Mizu imapuma mphwanga, m'dongo lodzadza madzi mulibe mpweya, timizu tating'ono toyera tija timene timamwa timafa, nde mtengo umaoneka ngati uli ndi ludzu uli m'madzi, mwini wake nkuwonjezera madzi, ngati mmene anachitira mayi a mapasa. Mvula ikadzadula muzithirira patsinde ndi payipi kapena ndowa, ine ndimapatsa ndowa ya malita 10 mtengo umodzi kawiri pa sabata, kukatentha kwambiri katatu, madzi alowe pansi osati kuwaza pamwamba tsiku ndi tsiku ngati mukuzimitsa fumbi.

Chachiwiri masamba ogwawo musasesere pansi pa heji kapena pa mulu wa kompositi, tolani onse muike m'pulasitiki yakuda apite ndi galimoto ya zinyalala. Amene ali pamtengo koma achita kale chikasu thotholani, sabwereranso amenewo. Koma obiriwira a dontho limodzi kapena awiri asiyeni, musamete mtengo mpala, tsamba ndiye khitchini yake, mukachotsa onse udya chiyani. Mukatero mubaye dothi ndi foloko mozungulira, kulowetsa nkugwedeza pang'ono osatembenuza kuti musadule mizu, muthire kompositi alowe m'mabowomo, pamwamba muphimbire ndi makungwa a paini kapena makoko a mtedza amagulitsa m'matumba aja, kusiya mpata pang'ono patsinde. Kuphimbirako kumathandizanso kuti madzi asamadumphe kuchoka pansi.

Za ofiira akumpanda ndikudziwa kuti ndi ayironi koma alipo mlongo wathu m'gulu muno wa ku nazale amene amazifotokoza bwino kuposa ine, abwera.

Bho_Diepsloot, Lachitatu 21:02

Madala mwalemba buku kkkk koma zoona, kwathunso ma Iceberg ayamba timadontho, mawa ndikayang'ana. Vuto ndi kumuuza mzungu kuti sipirinkala yake ndi imene ikupha maluwa, ameneyo nde mlandu wina

Sisi_waNazale, Lachinayi 07:26

Ndafika madala. Achimwene a ku Ntcheu pepani ndi mavuto, ine ndimagwira pa nazale cha ku Muldersdrift ndipo sabata ino yokha anthu obwera ndi masamba m'kapulasitiki kudzafunsa zomwezi sindingawawerenge.

Lamulo limene ine ndinaphunzitsidwa ndi lophweka. Zakudya zina mtengo umatha kuzisamutsa, ukaona kuti zachepa umakazitenga ku masamba akale nkupatsa anthete, ngati mayi kudzimana kuti mwana adye. Nayitrojeni ndi magnesium zili m'gulu limenelo, nchifukwa chake zikasowa amayamba kuchita chikasu ndi masamba akumunsi. Ikakhala nayitrojeni tsamba lonse limatuwa mofanana ndi mitsempha yomwe, ngati chimanga chija munanena, ikakhala magnesium tsamba lakale limachita chikasu pakati pa mitsempha. Koma ayironi sasamuka, pomwe wakhala wakhala, nde akasowa amavutika ndi masamba atsopano akunsonga, chikasu chotuwa mitsempha yobiriwira, ndendende zimene mwaona pa ofiira anuwo.

Tsono chodabwitsa nchakuti dothi lofiira la kunoli ayironi alimo wambiri, kufiirako ndi iyeyo. Vuto ndi loti mtengo ukulephera kumutenga. Marozi amafuna dothi la pH, muyezo wa kuwawasa kwa dothi, ya pakati pa 6 ndi 6.5, lowawasa pang'ono, ikangodutsa 7 ayironi amamangika, alipo koma ngati ndalama ili ku banki khadi latsekedwa. Chimene chimakweza pH m'mphepete mwa mpanda nthawi zambiri ndi simenti. Omanga akamaliza ntchito zidutswa za njerwa, pulasitala ndi konkire yotsala amangokwirira pomwepo nkuthira dothi labwino pamwamba, mwini nyumba nkudzalapo maluwa osadziwa. Chaka choyamba amakula bwino, mizu ikafika pa zinyalalazo basi. Kumbani pakati pa mitengo iwiri kufupi ndi mpanda muone, ndikhoza kubetcha. Chinanso mufufuze kuti madzi a pool akamatsuka sefa, backwash ija, payipi yake imathira kuti, chifukwa ngati amathira m'bedi limenelo muli klorini ndipo ma pool ambiri pano ndi amchere, marozi ndi mchere sizigwirizana, masamba amapsa m'mphepete. Ndipo dothi lonyowa kwambiri nalonso limapangitsa mizu kulephera kutenga ayironi, nde sipirinkala ija ili ndi mlandu uku ndi uku.

Chothandiza msanga ndi iron chelate, ayironi wogula amene mizu imatha kumutenga, mukamagula muyang'ane yolembedwa EDDHA, ndi ufa wofiira ngati dothi la katondo, imeneyo ndi imene imagwirabe ntchito olo pH ikhale yokwera, musungunule m'madzi monga alembera pa paketi nkuthira patsinde. Palinso Trelmix wopopera m'masamba. Masamba atsopano otuluka pambuyo pake ndi amene mudzaonere kusintha. Koma chonde chonde musathire phulusa kapena laimu, ndikudziwa kwathu phulusa ndi mankhwala a chilichonse m'dimba, koma limakweza pH, apa likhala ngati kuthira palafini pamoto.

Za black spot madala anena zonse, ndingowonjezera kuti mvula ikakhala yotere kupopera nkofunika ndithu. Pa shelefu mupeza Chronos, Rose Protector, Rosecare, Funginex ndi ena, sabata ziwiri zilizonse mpaka mvula ithe, ndipo muzisinthasintha osangokakamira mtundu umodzi chifukwa kafangasiko kamazolowera. Mankhwalawa sachotsa dontho limene lilipo kale, amateteza tsamba limene silinagwidwe, nde madamu asayembekezere kuti mukapopera Lachisanu Lolemba apeza zobiriwira. Mupopere mmawa kusanatenthe, masamba ali ouma, kopanda mphepo, kunsi kwa masamba komwe, muvale magolovesi ndi chotseka pakamwa, muyezo wake ndi wa pa botolo osati wa m'mutu mwanu. Ndipo sipuleya imene munapoperako mankhwala opha udzu pa peving musaigwiritse pa marozi olo mutaitsuka, kadontho kochepa ka Roundup kamapangitsa mphukira kutuluka zachikasu zopyapyala ngati nsinga, ndaonapo bedi lonse litawonongeka choncho.

Ndalama yanu musagulire, awa ndi maluwa a eni ake, alembereni mayina pa pepala akagule okha.

Tomato_waDedza, Lachinayi 12:40

Ine ndikutsutsako pang'ono, musathamangire kunena kuti kangaude wofiira, tinthu tija tonga fumbi la tsabola ananena madala, palibe chifukwa choti sanagwe pa pepala kamodzi kokha. Ine anandivuta ku Northcliff mu Okutobala mvula isanayambe, marozi a m'mphepete mwa khoma loyang'ana dzuwa masamba anangoyamba timadontho ting'onoting'ono toyera ngati wabaya ndi singano, kenako chikasu chotumbuluka ngati afumbi, kunsi kuli kaukonde kopyapyala, ndi kangaude wofiira yemwe uja amatimaliza pa tomato kwathu nthawi ya dimba. Ndinapopera mankhwala wamba a tizilombo zinthu zinangonyanya, kenako ndinamva kuti iyeyu mankhwala amenewo samumva, m'malo mwake mumapha tizilombo tina timene timamudya. Chinandithandiza ndi kumenya madzi amphamvu ndi payipi kunsi kwa masamba mmawa masiku angapo ndi mankhwala akeake a kangaude amati Milbeknock. Nde muyang'anebe. Komanso bwanji osangopopera Dithane, ife pa tomato ndi mbatatesi ndi yemweyo, ndi Epsom salt supuni imodzi pa mtengo, azungu onse amathira zimenezo.

Sisi_waNazale, Lachinayi 18:15

A Dedza zoona kangaude ndi woopsa koma nyengo yake ndi yotentha kouma, Seputembala Okutobala ngati mmene mwanenera, kapena mtengo umene uli pansi pa denga pomwe mvula siufika. Munda umene ukunyowa usiku uliwonse chonchi iye sakhalamo bwino. Koma kugwedeza pa pepala sikulipiritsa, azichita sabata iliyonse. Dithane amagwira ndithu pa black spot ngati woteteza, ndi mancozeb, kungoti amakhala pamwamba pa tsamba nde mvula yamphamvu ikagwa watsukika muyambirenso, komanso amasiya zoyera pamasamba zimene madamu ena sakondwa nazo.

Epsom salt nde ndimakangana nawo anthu tsiku lililonse pa kauntala. Ameneyo ndi magnesium basi. Ngati mtengo ukusowa magnesium athandiza, ngati vuto ndi ayironi kapena madzi kapena black spot mwangowonjezera mchere m'dothi limene achimwenewa athiramo kale feteleza wa kapinga manja awiri. Panopa asathire chilichonse chodyetsa kwa mwezi, mizu yodwala siidya. Ikadzachira ndi pamene adzayambe feteleza wa marozi weniweni, 5:1:5 ngati Vigorosa kapena 8:1:5 kapena 3:1:5, manambalawo ndi nayitrojeni, fosifolasi ndi potaziyamu monga timawerengera 23:21:0 kwathu, kamodzi pa mwezi kamuyezo kochepa ka pa thumba, kumwaza mozungulira osati kuunjika patsinde, nkuthirira. Epulo ndi womaliza, nthawi yozizira sitidyetsa. Ndipo achimwene mukayang'ane thumba la feteleza wa kapinga uja, ena amasakaniza ndi mankhwala opha udzu wa masamba aakulu, ngati ndi ameneyo mutiuze msanga.

Madala_waThyolo, Lachinayi 20:33

Pa nkhani ya a Bho yoti mzungu umamuuza bwanji. Musakanene kuti madamu mwalakwitsa, ngakhale kwathu mfumu sitiiuza choncho. Mukumbe dzenje lija, muwaitane, muwapatse dongolo m'manja afinye okha, muwaonetse tsamba la madontho ndi tsamba la mitsempha yobiriwira pambali pambali. Munthu akaona ndi maso ake nzeruzo zimakhala zake ndipo sakangana nazo. Mwinanso abwana anaika 7 madzulo chifukwa cha lamulo lija la madzi la mzinda loti miyezi yotentha osathirira gadeni kuyambira 6 mmawa mpaka 6 madzulo, nde muwauze kuti 5 koloko mmawa ndi yololedwanso, ndipo ndi yabwino chifukwa dzuwa likangotuluka masamba auma. Za feteleza wa kapinga muvomere nokha asanakufunseni.

Mukafuna kuona kuti si inu nokha, tsiku lina Lamlungu mukayende ku Emmarentia ku botanical garden kuli munda wa marozi, miyezi ya mvula ino mukayang'anitsitsa kumunsi kwa mitengo madontho simulephera kuwapeza. Ndipo masamba awiri atatu achikasu mkati mwa mtengo momwe dzuwa silifika, opanda dontho, amenewo ndi ukalamba chabe, musamathamange nawo.

Wakuntcheu, Lachisanu 17:52

Abale inu. Sisi mukanabetcha mukanadya ndalama zanga. Ndakumba kumpanda kuja, ndisanafike ngakhale theka la fosholo ndamva khooo, ndatulutsa zidutswa za njerwa, chibuma cha konkire chachikulu ngati mutu wa munthu, thumba la simenti lowola ndi botolo la Coke, wilibala imodzi yadzadza pakati pa mitengo iwiri yokha. Payipi ya backwash nayo imathera pakona pa bedi lomwelo, nchifukwa chake mtengo wapakonawo ndi umene wapsa kwambiri, ine ndimangoti ndi feteleza wanga. Thumba la feteleza ndaliona ndi LAN chabe, feteleza wa nayitrojeni, palibe zopha udzu, mtima unakhala pansi.

Ndinachita monga ananenera madala, ndinawaitana madamu ndi khofi wawo m'manja, ndinawapatsa dongo, anafinya madzi nkuyenderera pa mkono mpaka pa wotchi kkkk anangoti oh my goodness, nkuitana amuna awo pa foni pomwepo. Za feteleza ndinavomera, anangoseka, akuti iwonso chaka chatha anathira yemweyo. Masipirinkala a kumarozi azimitsidwa, payipi ya pool akuti abwera munthu aisunthire ku dreni, pepala la mankhwala lija atenga akuti akagula mawa. Ndatola masamba mapulasitiki akuda awiri, msana ukuwawa ndipo manja onse ndi minga yokhayokha.

Funso latsala ndi la ofiirawa, konkire ina ili pansi penipeni pa mizu sindingaichotse osazula mtengo. Ndiwazule pano ndikonze dothi kapena ndidikire? Komanso apageti aja oti kumunsi kwatsala ndodo, ndiwadulire kuti aphukire?

Mai_aMapasa, Lachisanu 18:20

Botolo la Coke kkkkk omanga a kuno Mulungu awakhululukire. Mwachita bwino achimwene, gulani magolovesi achikopa aja minga ya rozi imatupitsa.

Madala_waThyolo, Lachisanu 20:09

Musazule pano, kukutentha ndipo mitengoyo ndi yofooka kale, ingakufereni m'manja. Apatseni iron chelate ija apirire nayo, chotsani konkire imene mukuifikira osadula mizu, zotsalazo mudikire Juni atagona ndi kuzizira. Nthawi imeneyo mudzawazule ndi dothi lawo, mudzakumbe bedi lonse kuya mpaka m'bondo, zinyalala zonse kunja, mudzasakanize dothi ndi kompositi wambiri, ndipo powabwezera mudzawatalikitse ndi mpanda ngati phazi limodzi lalikulu. Ku dongo la pageti kuja mudzakwezeko bedi ngati mzere wa mbatata kuti madzi azitsika.

Apageti musawadulire kwambiri pano, masamba ochepa ali kumutuwo ndi amene akuwasunga. Muzingochotsa maluwa ofota ndi timitengo touma, Iceberg ndi wolimba ngati bulu, madzi akangochepa ndi kupopera kawiri muona timaso tofiira tikutuluka pa ndodo zomwezo. Kudulira kwenikweni ndi kumapeto kwa Julayi, kumalo kumene kumagwa chisanu kwambiri ngati kumunsi kufupi ndi mtsinje mudikire mpaka Ogasiti atayamba. Ikadzakwana nthawiyo mudzandikumbutse, ine Loweruka ndimakhala ku Randburg, si patali, ndidzabwera ndi sizasi yanga tidzadulire limodzi mitengo iwiri itatu muone, inayo mudzamalize nokha.